MABALA A MUMTIMA: MMENE BANJA NDI MUDZI ZINGATHANDIZIRE OPULUMUKA PA CHIŴEMBU

Nkhani yokambidwa kwa mabanja a pa Boma la Mzimba ndi a kumwera kwa bomali

Mudazoloŵera kumva ife oyang'anira za umoyo tikulankhula za zimbudzi, zitsime, katemera wa ana ndi ukhondo wa m'misika. Lero nkhani yathu ndi ina, koma nayonso ndi ya umoyo wa banja. Tikambirana za munthu amene wapulumuka pa chiŵembu cha zigaŵenga kapena pa ziwawa zoopsa, ndiponso za banja limene lataya mbale wao m'njira yotere. Munthuyo akhoza kufika pakhomo wopanda bala ndi limodzi lomwe pathupi, pamene mtima ndi maganizo ake zili zovulala kwambiri. Mfundo imene ndifuna kuti mupite nayo kwanu ndi iyi: ambiri mwa anthu otere amachira, ndipo chithandizo chao choyamba chili m'manja mwa abale ndi anansi ao.

KODI NKHANIYI IKUTIKHUDZA BWANJI?

Wina anganene kuti kuno kwathu kuli mtendere, nanga tivutikirenji ndi nkhani za zigaŵenga? Tiyamike mtenderewo, koma tikumbukire kuti ana athu sakhala kuno okha, ndipo maiko oyandikana nafe aona zambiri.

M'dziko la Mozambique, pa 5 Okotobala 2017 zigaŵenga zidaukira apolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado. M'mwezi wa Malichi 2021 zidaukira tauni ya Palma, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho zidafika m'boma la Mecula m'chigawo cha Niassa, chimene chili tsidya lina la nyanja yathu. Anthu oposa 1,000,000 adathaŵa m'midzi mwao chifukwa cha nkhondo imeneyi. Akuluakulu akumbukiranso nkhondo yapachiŵeniŵeni ya m'dziko lomwelo, imene idatha m'chaka cha 1992, pamene Malaŵi adasunga othaŵa nkhondo oposa 1,000,000.

M'mwezi wa Novembala 2018 asilikali athu 6, amene adali pa ntchito yosungitsa mtendere, adaphedwa pafupi ndi tauni ya Beni m'dziko la Congo pomenyana ndi zigaŵenga za ADF. Aliyense mwa iwo adali ndi makolo ndi abale kuno ku Malaŵi.

Koma chimene chakhudza nyumba zambiri za Mzimba ndi ziwawa zochitira alendo ku South Africa. Mudziŵa nonse kuti ndi midzi yoŵerengeka, kuchokera ku Jenda, Embangweni ndi Edingeni mpaka pa Boma, imene ilibe mwana ku Joni. M'mwezi wa Meyi 2008 anthu 62 adaphedwa pa ziwawa zimene zidayambira ku Alexandra. M'mwezi wa Epulo 2015 ziwawa zidabuka ku Durban, ndipo Boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga anthu athu. M'mwezi wa Sepitembala 2019 zidachitikanso ku Johannesburg. Ziwawa zimenezi sizitchedwa uchigaŵenga, koma kwa munthu amene adabisala usiku wonse akumva anthu akufuula ndi zikwanje m'manja, bala la mumtima ndi limodzimodzi.

Ngakhale woona chabe amavulala. Pamene mitembo ya anthu ochokera kunja idapezeka m'manda obisika m'nkhalango ya Mtangatanga, m'boma lathu lino, m'mwezi wa Okotobala 2022, amene adaiona ndi amene adagwira ntchito yoifukula adasenza katundu wolemera m'maganizo.

ZIMENE ZIMACHITIKA M'THUPI NDI M'MAGANIZO

Munthu akakumana ndi zoopsa, thupi limadzikonza kuti lithaŵe kapena limenyane. Mtima umagunda msanga, mpweya umaperewera, minofu imalimba ndipo tulo timachoka. Zimenezi zimapulumutsa moyo pa nthaŵi ya ngozi. Vuto ndi lakuti mwa anthu ena thupi limakhalabe tcheru ngakhale ngoziyo itapita kale. Choncho m'masiku ndi m'masabata oyamba mungathe kuona zizindikiro izi:

1. Kusoŵa tulo, kulota zoopsa ndi kudzidzimuka usiku.

2. Kuona m'maganizo zimene zidachitikazo ngati zikuchitika pomwepo.

3. Kunjenjemera pomva chitseko chikumenyetseka, njinga yamoto ikuphulika kapena anthu akufuula pa mpira.

4. Kupewa msika, basi, wailesi kapena munthu aliyense womukumbutsa zakalezo.

5. Kupsa mtima msanga, kapena kungokhala duu osafuna kucheza ndi wina aliyense.

6. Mutu, msana ndi m'mimba kuŵaŵa, chikhalirecho kuchipatala sapeza malungo kapena matenda ena.

7. Kudziimba mlandu, kumati, "Bwanji ndapulumuka ine, mnzanga nkufa?"

Dziŵani kuti zimenezi si misala, si ulesi, ndipo si kulodzedwa ai. Ndi mmene munthu wabwinobwino amachitira akaona zinthu zosayenera kuonedwa. Mwa anthu ambiri zimachepa pang'onopang'ono pakapita masabata angapo, makamaka ngati munthuyo ali pamalo abata, pakati pa anthu omukonda. Koma si onse. M'chaka cha 2019 bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO lidapeza kuti m'madera mmene mwachitika nkhondo, munthu mmodzi mwa anthu 5 alionse amakhala ndi vuto la m'maganizo. Nchifukwa chake tiyenera kudziŵa zoyenera kuchita pakhomo, ndiponso nthaŵi yoyenera kupita kuchipatala.

CHITHANDIZO CHOYAMBA PAKHOMO

M'chaka cha 2011 bungwe la WHO ndi mabungwe anzake adatulutsa malangizo a chithandizo choyamba cha m'maganizo. Mitu yake ndi itatu: kuyang'ana, kumvetsera, ndi kulumikiza munthu ndi chithandizo. Zonsezi sizilira sukulu yapamwamba. Gogo wa m'mudzi angathe kuzichita.

Choyamba, yang'anani. Musanafunse funso lililonse, onani zimene akusoŵa. Mupatseni madzi osamba, chakudya, zovala ndi pogona pabata. Onani ngati ali ndi zilonda. Mufunseni ngati adali kumwa mankhwala a masiku onse, monga ma ARV, a chifuwa chachikulu, a shuga, a khunyu kapena a kuthamanga kwa magazi. Munthu wothaŵa satenga mankhwala kapena buku lake la kuchipatala. Ngati adadukiza, apite kuchipatala m'maŵa mwake, ngakhale alibe chikalata chilichonse. Ngati mai, mtsikana kapena mwamuna adagwiriridwa, afike kuchipatala asanathe maola 72, pakuti mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthaŵi imeneyi. Ngati maolawo adapita kale, apitebe, chifukwa chithandizo china chilipo.

Chachiŵiri, mvetserani. Khalani naye pafupi, ngakhale osalankhula. Akafuna kufotokoza, mulekeni afotokoze mmene akufunira, osamudula mau, osamukonza. Akakana, musamuumirize. Kale anthu ankaganiza kuti wopulumuka ayenera kukamba zonse mwatsatanetsatane tsiku lomwelo kuti zimuchoke, koma kafukufuku adaonetsa kuti kuumiriza kotere sikuthandiza, ndipo a WHO salola njira imeneyi. Mwambo wathu wodzapereka moni kwa wobwera ku ulendo ndi wabwino, koma taganizirani munthu amene afotokoza imfa ya mnzake kwa alendo 20 pa tsiku limodzi. Sankhani wamkulu mmodzi wa pabanjapo kuti aziyankha alendo m'malo mwake.

Chachitatu, mulumikizeni ndi chithandizo. Muthandizeni kupeza abale amene adasiyana nao pothaŵa. Muperekezeni kwa mlangizi wa za umoyo wa m'dera lanu, kwa abusa, ansembe kapena shehe wake, ku ofesi yosamalira anthu pa Boma, kapena ku polisi ngati pali mlandu kapena zikalata zotayika. Muuzeni zoona zokhazokha. Musamulonjeze zimene simungathe kuchita.

Mantha akamugwira mwadzidzidzi, mukhazikeni pansi, mapazi agunde dothi. Mutchuleni dzina lake mofatsa, mumuuze kumene ali ndi tsiku lake. Apume mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno, ndi kuutulutsa mosafulumira, inunso mukupuma naye pamodzi. Pakapita mphindi zingapo mtima umakhazikika.

MAU AMENE AMAPWETEKA

Pano ndilankhule momasuka, pakuti apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwa. Mnyamata adapita ku Joni banja litagulitsa ng'ombe kapena litatenga katapila kuti lilipire matransipota. Anzake adatumiza malata ndi simenti. Iye wabwera ndi malaya a pathupi okha. Pamwamba pa mantha ali ndi manyazi, ndipo manyaziwo nthaŵi zina amalemera kuposa manthawo. Mau monga akuti, "Anzako akumanga nyumba, iwe wabwera chimanjamanja," angathe kumukankhira ku moŵa, ngakhale ku imfa imene. Nkhani ya ngongole ikambidwe, inde, koma idikire. Akuluakulu a banja akakumane ndi mwini ndalama, agwirizane za nthaŵi yobweza. Ng'ombe idzagulidwa ina, koma mwana wanu sadzagulidwa.

Pewaninso mau akuti, "Mwamuna salira." Ife a ku Mzimba timanyadira kulimba mtima, ndipo nkoyenera. Koma misozi imene mwamuna waibisa masana imatuluka usiku m'njira zina: kuledzera, kumenya mkazi, kukalipira ana. Abambo a pa mphala, mwamuna mnzanu akagwetsa misozi pamaso panu, musamuseke ndipo musakaulule kumoŵa. Musanenenso kuti, "Iŵala, zidapita," kapena, "Ena adaona zoposa zako." Nenani kuti, "Wafika kwanu. Tili nawe."

MOŴA NDI MAPIRITSI A TULO

Ambiri amafuna tulo m'botolo. Kachasu, moŵa ndi chamba zimagonetsa munthu kanthaŵi, koma tulo take sitipumitsa thupi, ndipo m'maŵa mantha amabwera oonjezereka. Chimodzimodzinso mapiritsi a tulo ogula pamsika kapena opatsidwa ndi mnzanu. Malangizo a WHO a m'chaka cha 2013 amaletsa kupereka mapiritsi a mtundu wa diazepam kwa munthu amene wangokumana kumene ndi zoopsa, chifukwa sachiza vutoli ndipo munthu amaŵazoloŵera msanga. Chothandiza tulo ndi kugona ndi kudzuka nthaŵi imodzimodzi masiku onse, kugwira ntchito ya manja masana, kupewa tiyi wambiri madzulo, ndi kugona pafupi ndi mbale ngati mdima ukumuopsa.

Ntchito ndi mankhwala. Musamusunge m'nyumba ngati dzira. Pakapita masiku oŵerengeka, mutengeni kudimba, kubusa, kokonza khola kapena kotunga madzi. Ayambe ndi zochepa. Malo amene akuŵaopa, monga msika wa Jenda pa tsiku la anthu ambiri, aŵayandikire pang'onopang'ono, ali ndi mnzake womudalira, osati mokakamizidwa.

ANA

Ana amamva zonse, ngakhale akuoneka ngati akuseŵera. Mwana wamng'ono angayambenso kukodza pogona, kukakamira amai ake, kapena kuseŵera maseŵera oomberana ndi ophana. Wa sukulu angayambe kulephera m'kalasi ndi kumenya anzake. Musamukwapule chifukwa cha zimenezi. Mugoneke pafupi ndi inu, mudyetseni pa nthaŵi yake, ndipo abwerere ku sukulu msanga, aphunzitsi ake atauzidwa mwachinsinsi.

Ngati bambo wake adamwalira, muuzeni zoona m'mau osavuta. Musanene kuti, "Ali pa ulendo," chifukwa mwanayo adzakhala akudikira pamseu basi iliyonse, ndipo tsiku limene adzamve zoona kwa anzake, adzasiya kukukhulupirirani. Muuzeninso kuti iye sadalakwe kanthu, ndipo mumutchulire amene adzamusamala.

PAMENE THUPI SILIDABWERE

Maliro amathandiza amoyo. Kukhuza, kugona pasiwa ndi kuperekeza kumanda kumathandiza mtima kuvomereza. Koma pa ziŵembu ndi pa ziwawa za kutali, nthaŵi zina thupi limaikidwa komweko, kapena munthu amangosoŵa osadziŵika ngati ali moyo. Chisoni chotere chimachedwa kupola. Ngati imfa yatsimikizika, mafumu ndi mpingo akonze mwambo wa mapemphero ndi chikumbutso pakhomo, kuti banja lilire pamodzi ndi mudzi. Ngati sizikudziŵika, kanenani ku polisi, ndipo musaumirize mkazi wake kunena kuti mwamuna wake adafa, kapena kumudzudzula chifukwa akuyembekezabe.

Kuno kwathu mkazi amakhala kwao kwa mwamuna. Choncho mai wamasiye amalira pakati pa apongozi ndi alamu, kutali ndi abale ake. Apongozi, mwana amene mukumulira ndiye mwamuna amene iyenso akumulira. Musamunene kuti ndiye adamutuma ku ulendo. Loleni abale ake adzakhale naye. Kumbukiraninso kuti lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limaletsa kulanda katundu wa mkazi ndi ana amasiye.

UDINDO WA MUDZI

Mutu umodzi susenza denga. Banja limene likusamala munthu wovulala mumtima limatopa, makamaka mkazi kapena mai wake amene amadzuka naye usiku. Amai a Umanyano, abambo a Madodana, magulu a mipingo ina ndi a ku mzikiti, ndi a banki m'khonde, gaŵanani masiku oyendera banjalo. Musathere pa sabata yoyamba. Mwezi wachiŵiri ndi wachitatu, pamene alendo aleka kubwera, ndi pamene chisoni chimakula. Tsiku lokumbukira chaka chitatha nalonso limadzutsa zakale.

Anthu wamba angathe kuchita zazikulu. Ku Mozambique nkhondo itatha m'chaka cha 1992, midzi yambiri idalandira obwera ku nkhondo ndi miyambo yoŵayeretsa ndi kuŵabwezera m'banja, ndipo kulandiridwako kudathandiza ambiri kuyambanso moyo. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, Dr. Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pafupi ndi chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo kafukufuku adaonetsa kuti anthuwo adapeza bwino. Mapemphero ndi miyambo yosapweteka thupi sizitsutsana ndi chipatala. Chokanika ndi kumanga munthu ndi zingwe, kumumenya, kumumana chakudya, kumuletsa mankhwala, kapena kuloza nkhalamba ya m'mudzi kuti ndiyo yamulodza.

Chenjerani ndi lamya za m'manja. Zithunzi za anthu ophedwa zimayenda pa WhatsApp, ndipo zina ndi zakale kapena za ku maiko ena. Musazitumize kwa anzanu, musazionetse ana, ndipo musalengeze imfa ya munthu pa lamya banja lake lisanauzidwe mwaulemu ndi akuluakulu.

Cholinga cha zigaŵenga ndi kufesa mantha ndi chidani kuti anthu aukirane okhaokha. Mwazi wokhetsedwa ku Cabo Delgado si mlandu wa Msilamu amene mumagula naye malonda pa Boma, ndipo ambiri mwa othaŵa nkhondoyo ndi Asilamu omwe. Mlendo wochokera ku dziko lina asalipire zimene ana athu adachitidwa ku Durban. Ife tidziŵa kuŵaŵa kwa kuthamangitsidwa chifukwa ndiwe mlendo. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Mukaona zokayikitsa, kanenani kwa amfumu ndi ku polisi, osati kuŵeruza nokha.

NTHAŴI YOPITA KUCHIPATALA

Pitani naye tsiku lomwelo ngati:

1. Akunena zodzipha, akutsanzika, kapena akugaŵa katundu wake mosayembekezeka.

2. Wasiya kudya ndi kumwa, kapena watha masiku angapo osagona konse.

3. Wasokonezeka, sakuzindikira abale, kapena akumva mau amene ena sakuŵamva.

4. Akuopseza kapena kumenya anthu a m'nyumba.

5. Mai walephera kuyamwitsa kapena kusamala khanda lake.

Munthu akatchula zodzipha, musanene kuti akungoopseza. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zochotsa moyo wake. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira njira yolankhula. Musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a fodya, a mbeu, a makoswe ndi osambitsira ng'ombe, pamodzi ndi zingwe ndi mapiritsi, mukazisunge kwa mnansi. Maganizo odzipha kaŵirikaŵiri amabwera mwamphamvu kanthaŵi kochepa, ndipo ngati chodziphera palibe pafupi, munthu amapulumuka.

Pitaninso ngati mwezi watha koma maloto oopsa, mantha ndi kudzipatula sizikuchepa, kapena zikumulepheretsa kulima, kuphunzira ndi kusamala banja. Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, monga Jenda, Edingeni, Katete kapena Embangweni. Iwo adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha pa Boma la Mzimba ngati nkofunika. Ku Mzuzu kuli a St John of God, amene ntchito yao ndi yosamala odwala maganizo. Ambiri amaopa kuti akangotchula za maganizo adzatumizidwa ku Zomba. Si choncho ai. Ochuluka amathandizidwa ndi uphungu, ena ndi mankhwala omwe, akugona kwao ndi kugwira ntchito zao. Mbale mmodzi aperekeze wodwalayo kuti akafotokoze zimene akuona pakhomo.

KUMBUKIRANI

Bala la mumtima ndi bala ndithu, ndipo limapola. Yambani ndi chakudya, pogona ndi mankhwala amene adadukiza. Mvetserani, koma musaumirize. Musamuchititse manyazi wobwera chimanjamanja. Moŵa ndi mapiritsi a pamsika si mankhwala a mantha. Auzeni ana zoona. Yenderani banjalo ngakhale miyezi itapita. Mukaona zizindikiro zoopsa, musachedwe.

Mukabwerera kwanu, kambiranani nkhaniyi pa mphala, ku mpingo ndi pa msonkhano wa komiti ya za umoyo ya m'mudzi mwanu. Ganizirani ngati pali nyumba ina m'mudzimo imene mwini wake adabwera ku ulendo nasiya kuoneka pagulu. Ngati ilipo, kaiyendereni sabata ino.